Gowelo la Mpingo Pakati pa Mzinda wa Cologne

Mnyamata akapeza ntchito mu mzinda wachilendo, chimene chimamusowetsa tulo kwambiri ndi kumene azikagona akaweruka. Ku Germany vuto limeneli linakula m'zaka za m'ma 1840. Mwambo wa kumeneko unali woti mnyamata akamaliza kuphunzira umisiri, kaya wa matabwa, wa nsapato kapena wosula zitsulo, azichoka kwawo n'kumayenda mzinda ndi mzinda kwa zaka zingapo akugwira ntchito kwa amisiri akuluakulu. Poyamba bwana ankamugoneka m'nyumba mwake n'kumadya naye limodzi. Mafakitale atachuluka mwambo umenewu unazilala, anyamata aja n'kugwera m'manja mwa eni mabala ndi tinyumba ta alendo tauve, kumene malipiro a sabata yonse ankathera ku mowa ndi juga.

Adolph Kolping ankaudziwa moyo umenewu chifukwa anaulawa yekha. Anabadwira ku Kerpen mu 1813, bambo ake anali mbusa wa nkhosa, ndipo iye anasoka nsapato zaka zambiri asanabwerere kusukulu. Anadzozedwa unsembe mu 1845. Ku Elberfeld, kumene anayambira utumiki, analowa m'gulu la amisiri achinyamata limene mphunzitsi wina, Johann Gregor Breuer, anayambitsa mu 1846. Atasamukira ku Cologne, pa 6 Meyi 1849 anakhazikitsa gulu lake ndi anyamata 7 okha, ndipo mu 1852 anagula nyumba mu msewu wa Breite Straße yoti anyamatawo azigonamo ndi kudyeramo. Mmene ankamwalira mu 1865, magulu otere anali atapitirira 400.

Ine ndinakhalamo m'nyumba ina yotere, ku Cologne komweko, m'zaka za 1989 ndi 1990, nditapita kukaphunzira kukonza makina osindikizira mabuku. Anthu akandifunsa kuti inali nyumba yamtundu wanji, ndimati linali gowelo, kungoti lansanjika, lokhala ndi wansembe komanso belu la chakudya.

Tinkagona awiriawiri. M'chipinda munali mabedi awiri, kabati imodzi ndi kabeseni kosambira kumaso. Mabafa anali kumapeto kwa khonde, ndipo wodzuka mochedwa ankawapeza atadzaza. Mnzanga wa m'chipinda anali wa ku mapiri a Eifel, ankaphunzira kuphika buledi. Ankanyamuka usiku ine ndili mtulo tofa nato, n'kubwera masana akununkhira ufa, atanyamula mabanzi otsala amene ankathera m'makwerero asanafike n'komwe kuchipinda. Ena ankagwira ku fakitale ya Ford ku Niehl, ena kopanga mainjini ku Deutz, tsidya lina la mtsinje wa Rhine. Panali kalaliki wa kubanki amene ankasita shati lake tsiku ndi tsiku akuimba mluzu, panali Mpolishi wa zamagetsi, panalinso Mpwitikizi amene anadabwa nditamutchulira Tete ndi Beira.

Mtima wa nyumbayo unali patebulo. Ajeremani ankadya chotentha masana, ndiye madzulo pankabwera buledi wakuda, tchizi, soseji yozizira ndi tiyi. Kwathu munthu akadya zimenezi amanenabe kuti wagona ndi njala. Koma nthawi ya chakudya inali imodzi, mipando inali yodziwika, ndipo bambo woyang'anira nyumba ankakhala chakumapeto, maso ali yunguyungu. Mpando wako ukakhala wopanda munthu masiku awiri otsatizana, usiku womwewo unkamva kugogoda. Sankakalipa. Ankangofunsa ngati wadwala, ngati kuntchito kuli bwino, kapena ngati kwabwera kalata yoipa. Mnyamata wina atachotsedwa ntchito anabisa nkhaniyo, akumadzuka m'mawa n'kumakazungulira kusiteshoni ya sitima. Anamugwira ndi tebulo lomwelo, chifukwa anasiya kudandaula za kapitawo wake monga ankachitira madzulo aliwonse. Pasanathe nthawi yaitali, mkulu wina wa m'gulu la Kolping amene anali ndi shopu ya ukalipentala anamutenga. Kale zinthu zinkayenda choncho: amene anagonapo m'nyumbazi ali anyamata ankabwera atakula, ali mabwana, kudzafuna antchito.

Loweruka tinkaloledwa kulowa kukhitchini. Ufa ndinkagula kwa Ataliyana, wachikasu ndiponso wamisere, ndipo mthiko wa kumeneko unali wopyapyala moti ndinkavundula mwamantha. Nsima yake ikanakhala kwathu amayi akanaipereka kwa nkhuku. Anyamata aja anayamba ndi foloko, kenaka mmodzimmodzi anasamba m'manja n'kuphunzira kukanya mbamu. Kugula zinthu kunkafunika changu, pakuti masitolo ankatseka 6:30 madzulo, Loweruka zambiri 2 koloko masana, ndipo Lamulungu kunalibe ndi mchere womwe. Amene waiwala ankadya za mnzake.

Foni inali imodzi, yoponyamo makobili, pansi pa makwerero. Nkhani ya chibwenzi ya munthu aliyense nyumba yonse inkaidziwa, mpaka tsiku limene chathera. Makalata ankawaika m'timabokosi pakhomo, ndipo anga ankafika ena atalemberatu kale dzina pa masitampa a mbalame a ku Malawi. M'kati mwake munkakhala za mvula, maliro ndi amene wakwatiwa. Za ndale aliyense ankadziwa kuti m'masiku a Kamuzu sizilembedwa m'kalata.

Wailesi ya kanema inalinso imodzi, ndipo zimene ndinaonera pamenepo sindizikumbukira popanda nkhope za amene ndinali nawo. Usiku wa pa 9 Novembala 1989, zipata za khoma la Berlin zitatseguka, tinadzazana m'chipindamo ena atavala zogonera. Kalaliki wa kubanki uja, amene agogo ake anali ku Dresden, analira osabisa, ndipo palibe anamuseka. Pa 8 Juni 1990 Cameroon inagonjetsa Argentina 1–0 ku Milan. François Omam-Biyik atagoletsa ndi mutu, anyamata anandinyamula m'mwamba ngati chigolicho ndamwetsa ine. Ndinayesa kuwauza kuti Yaoundé ndi Blantyre n'zotalikirana kwambiri, koma phokoso linali litakula. Patatha mwezi, Andreas Brehme atamenya penate imene inapatsa Germany chikho ku Rome, ndinabweza ngongole: ndinakuwa mpaka mawu kusasa.

Za chipembedzo zinalipo, koma sizinali zokakamiza. Wansembe ankabwera madzulo ena kudzacheza, nthawi zina za Baibulo, nthawi zambiri za kasungidwe ka ndalama, kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito, ngakhale za ukwati. Akamaliza ankatsika nafe kuchipinda chapansi kukagwetsa timitengo ndi mpira wolemera, ndipo sankakonda kugonja. Manda a Kolping ali m'tchalitchi cha Minoritenkirche, pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha mzindawo, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri anakapempherapo mu 1980. Papa yemweyo, amene anadzachezera dziko la Malawi mu 1989, ndi amene analengeza Kolping kukhala wodala pa 27 Okutobala 1991.

Malamulo analipo ndithu. Chitseko chachikulu chinali ndi nthawi yake yotsekera, ndipo mlendo wamkazi ankathera kuchipinda chochezera, m'maso mwa aliyense. Ena zinkawatopetsa, akangokwezedwa malipiro n'kusamuka. Sindiwanena. Munthu wa ndevu zake amafuna pomwe angatseke chitseko n'kukhala payekha, ndipo m'nyumba muja zimenezo zinali zosowa.

Lero nyumba za Kolping zikadalipo, koma zasintha. Gululi linayamba kulandira akazi mu 1966, ndipo m'nyumba zambiri za ophunzira ntchito tsopano mumakhala anyamata ndi atsikana omwe, ambiri aliyense chipinda chake, intaneti ikugwira mpaka pabedi. Nyumba zina zinasanduka mahotela. Wachinyamata amene wayamba ntchito ku Cologne, mzinda wa anthu opitirira 1 miliyoni, kawirikawiri amafuna chipinda m'nyumba yogawana lendi. Amakaonekera kwa okhalamo kale, amamufunsa mafunso, ndipo amasankha mmodzi pa chikhamu cha ofuna. Amene ali ndi ndalama amalowa m'tizipinda ta makampani tokhala ndi mipando kale, momwe ngakhale kucheza ndi anzako amakulembera pa mtengo wa lendi. Chakudya amaitanitsa pafoni, wanjinga n'kudzasiya pakhomo, mpira amaonera payekha pa kompyuta.

Mpingo nawonso mphamvu zachepa. Ku Germany mkhristu wolembetsedwa amadulidwa msonkho wa tchalitchi pa malipiro ake, ndipo wosafuna amakasaina kuboma kuti watuluka. Mu 2022 mokha Akatolika opitirira 500,000 anatuluka, ndipo tsopano mipingo iwiri ikuluikulu, wa Katolika ndi wa Chipulotesitanti, pamodzi sifikanso theka la anthu a m'dzikomo. Ansembe achepa, moti wa nthawi yogwetsa timitengo ndi anyamata ndi wosowa.

Achinyamata a lero sali oipa kuposa ife, ndipo zipinda zawo n'zabwino kuposa zathu kutalitali. Chimene ndimawamvera chisoni n'chakuti angathe kudwala sabata yathunthu m'nyumba ya anthu mazana, mwini nyumba n'kudzadziwa pokhapokha lendi ikachedwa. Ife tinali ndi munthu amene ntchito yake inali kuwerenga mitu patebulo. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ndipo bambo uja, ngakhale Chichewa sankachidziwa, ankayendetsa nyumba ngati mwambiwo anaumvapo.

Kwathu kuno mpingo sunafooke, matchalitchi amadzaza mpaka panja, koma nkhani ya pogona pa achinyamata apantchito sitiimva paguwa. Namwino amene wangoyamba ntchito ku Blantyre kapena kalaliki watsopano ku Lilongwe amagona pabalaza pa amalume ku Ndirande kapena ku Area 25, akudikira kuti apeze ndalama ya lendi ya miyezi itatu yolipiriratu, kuwonjezapo ya dobadoba womusakira nyumba. Wopanda malume m'tauni amagwa m'manja mwa aliyense amene wamumwetulira. Chonsecho mipingo yathu ili ndi malo aakulu pakati pa mizinda, ndipo pamalo amenewo tikuona maholo a ukwati, maloji ndi sukulu zolipira. Zonsezo n'zabwino, zimabweretsa ndalama. Nyumba ya achinyamata apantchito nayonso ingadzilipirire yokha, pakuti okhalamo amalandira pakutha pa mwezi. Chofunika ndi zipinda zaukhondo, khitchini, chakudya chamadzulo cha nthawi imodzi ndi munthu wamkulu wokhulupirika wokhala pomwepo. Inu akulu a mpingo ndi a khonsolo ya parishi, mukadzakhala pansi kukambirana zomanga chaka chamawa, nkhani imeneyi mudzaiike pa ndandanda holo ina isanavomerezedwe.