Tsamba lakumbuyo linali la Maule ndi Manoma

Amuna ambiri a msinkhu wanga amayamba kuwerenga nyuzipepala kuchokera kumbuyo. Akangoilandira m'manja mwa wogulitsa amaitembenuza asanaone n'komwe zomwe andale anena patsamba loyamba, chifukwa za mpira zimakhala kumapeto. Chizolowezichi tinatengera kwa abambo athu. Pamodzi nacho tinatengeranso maganizo ena amene sitinkawazindikira, akuti mpira wa dziko lino ndi wa matimu awiri a mu Blantyre, ena onsewa ndi ongoperekeza.

Ndinakulira ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1980. Masiku amenewo nyuzipepala zolemba za mpira zimene tinkazidziwa zinali ziwiri, Daily Times mkati mwa sabata ndi Malawi News Loweruka, ndipo wailesi inali imodzi yokha, MBC. Nyuzipepala inkabwera pa basi, nthawi zambiri tsiku lake litadutsa, n'kumayenda m'manja kuchoka kwa akalaliki a pa boma kupita kwa aphunzitsi, kenaka kwa ife ana itafewa m'mapindiro. Tsamba la masewero silinkasintha maonekedwe. Pamwamba pankakhala chithunzi chachikulu cha Bata Bullets (Maule) kapena Limbe Leaf Wanderers (Manoma), ndi nkhani yaitali yofotokoza amene anapatsira, amene anagoletsa, ndi zimene mphunzitsi ananena mpira utatha. M'munsi mwake munkakwana Silver Strikers, Civo kapena ADMARC Tigers, ndime zochepa chabe. Matimu otsalawo ankapezeka pakamzere ka zotsatira, dzina ndi nambala basi. Super League itayamba mu 1986, matimu a m'zigawo zosiyana anayamba kukumana kawirikawiri, koma kagawidwe ka tsambalo sikanasunthe kwenikweni.

Motero ife ana a kunyanja tinkadziwa Kinnah Phiri, Jack Chamangwana, Lawrence Waya, Young Chimodzi ndi Ernest Mtawali ngati abale athu. Pampira wachikulunga tinkalimbirana mayina awo. Anali akatswiri enieni, ndipo dziko linali ndi chifukwa chowanyadira, poti Malawi anatenga chikho cha mayiko a kummawa ndi pakati pa Africa mu 1978, mu 1979 ndi mu 1988, komanso anakafika ku Africa Cup of Nations mu 1984. Koma m'boma lathu lomwelo, ku minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, kunali timu yosewera mpira wooneka, ndipo palibe mwana wa m'kalasi mwathu amene akadatchula dzina la goloboyi wake. Munthu wa ku Ndirande tinkamudziwa nkhope ndi nambala ya jezi, wa kwathu komweko ayi.

Nditakula n'kukhalako mu Blantyre ndi pamene ndinaona chimene chinkachititsa zimenezi, ndipo sichinali nkhanza za munthu. Maofesi a nyuzipepala zikuluzikulu ali ku Ginnery Corner, ndipo bwalo la Kamuzu lili ku Chichiri, mtunda woti mtolankhani atha kuyenda pansi. Mpira ukatha Lamulungu madzulo, wojambula ankathamangira kukatsuka filimu, wolemba n'kukhala pa makina otayipira, zonse n'kukwana makina osindikiza asanayambe kulira. Tsono taganizirani mpira wa tsiku lomwelo ku Mzuzu kapena ku Nchalo. Wotumiza nkhani ankayenera kupeza lamya ya pa positi ofesi kapena ya kuntchito kwa wina, kuwerenga nkhani yake liwu ndi liwu pa waya wokhala ndi phokoso, ndipo chithunzi chikadafika patapita masiku, pa basi. Mkonzi wokhala ndi tsamba limodzi ndi maola awiri ankatenga zimene zili m'manja.

Panalinso nkhani ya malonda. Nyuzipepala inkagulidwa kwambiri m'tauni, ndipo ogulitsa a mumsewu amadziwa bwino kuti tsiku loyenda malonda ndi lomwe Maule kapena Manoma agwa. Oluza amagula kuti amve chimene chinalakwika, neba amagula kuti akamuonetse mnzake kuntchito. Apa ndi pomwe zinthu zinkazungulira pamalo amodzi. Matimu awiriwo ankalembedwa chifukwa anali ndi ochemerera ambiri, ndipo ochemererawo ankachulukirachulukira chifukwa ndiwo ankalembedwa. Mwana wa ku Chitipa kapena ku Nsanje ankasankha pakati pa zofiira za Bullets ndi zabuluu za Wanderers asanaonepo Blantyre ndi maso.

Mu 1993, chaka cha riferendamu, nyuzipepala zinabuka zambiri, ndipo The Nation, imene inayamba chaka chomwecho, ndi imodzi mwa zochepa zimene zinakhalitsa. Masamba a masewero anachuluka, zithunzi zinakhala zamitundu, ndipo patapita nthawi za mpira zinayamba kulembedwanso m'Chichewa, mu Tamvani ndi mu Tikambe. Malo anakula ndithu, koma ogawana anali omwewo, kungoti Silver Strikers inakhazikika ngati yachitatu. Bullets itafika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League mu 2004, ikutchedwa Bakili Bullets, panalibe wodandaula kuti yadzaza masamba, chifukwa inayeneradi.

Kusintha kumene ndinakumva ndi makutu anga kunadzera pa wailesi. Wailesi zomwe si za boma zitatsegulidwa, makamaka Zodiak mu 2005 ndi atolankhani ake a m'maboma, komanso wailesi za m'madera monga ya Nkhotakota, Dzimwe ndi ya Mzimba, mayina a matimu a pa msika ndi a pa sukulu anayamba kutchulidwa pamphepo. Ndikukumbukira momwe anthu ankaitanirana kuti bwerani mudzamve, akutchula timu yathu. Munthu wokulira ku Chichiri sangamvetse msanga kukoma kwa zimenezo, chifukwa iye timu yake sinasoweko pa wailesi.

Koma pali kalembedwe kena kamene kanakanirira mpaka lero, ndipo ndi kamene kamandipweteka kuposa kuchepa kwa malo. Timu yaing'ono ikagonjetsa yaikulu, nkhaniyo imalembedwa ngati ya yogonjayo. Mutu umati Maule apunthwa, kapena Manoma atayanso mapointi. Ndime zoyamba zimakamba za mphunzitsi amene mpando wake watentha, ochemerera amene anakwiya, ndi osewera amene anaphonya zigoli zoonekeratu. Amene anagoletsa chigoli chopambanitsa amatchulidwa chakumapeto, nthawi zina dzina lake litalakwika. Palibe wofunsa kuti anyamatawa anakonzekera bwanji, anagona kuti usiku wathawo, anayenda maola angati pa minibasi, mphunzitsi wawo anaona chiyani chimene ena sanaone. Mu 2016 Kamuzu Barracks inatenga ligi koyamba, ndipo Escom United inachitapo zomwezo mu 2007. Zimenezi zinali nkhani zazikulu pazokha. Komabe pokambirana m'maminibasi ndi m'malo ometera, funso limene linkamveka kwambiri linali lakuti akuluakulu aja chawachitikira n'chiyani. Tinaphunzitsidwa kuona mpira ndi diso limodzi, ndipo ngakhale opambana timawayang'ana kudzera mwa ogonja.

Chonsecho mapu a ligi anasintha kwambiri. Super League ya matimu 16 yakhala ndi Karonga United, Chitipa United, Ekwendeni Hammers, Dedza Dynamos ndi ena ochokera kumalo kumene kale mpira wa ligi yaikulu ankangoumvera pa wailesi. Kuchoka ku Chitipa kukasewera mu Blantyre ndi ulendo wa makilomita oposa 900, ndipo timu yopanda kampani yoithandiza imayenda ulendowo ndi ndalama zopemphetsa kwa amalonda a pa boma ndi zochepa za pakhomo. Pa bwalo la Karonga anthu amadzaza kudzachemerera timu ya kwawo, osati kudzaona alendo okha. Ana a kumeneko tsopano atha kukula akusapota timu imene osewera ake amakumana nawo pamsika. Ine mwayi umenewo ndinalibe, ndipo ndimakondwa kuuona.

Kenaka panabwera foni ya m'manja, n'kuthetsa vuto la lamya ndi filimu lija kotheratu. Lero pafupifupi timu iliyonse, ngakhale ya mu ligi ya m'chigawo, ili ndi tsamba pa Facebook ndi gulu pa WhatsApp. Mndandanda wa oyamba umatuluka mpira usanayambe, chigoli chimalengezedwa mpira usanabwerere pakati, ndipo mnyamata wina amaimirira pambali pa bwalo kuulutsa masewero onse ndi foni yake mpaka batire litatha. M'bale amene ali ku Johannesburg amadziwa zotsatira za kumudzi nthawi yomweyo ndi amene ali pabwalopo. Palibenso timu yodikira chifundo cha mkonzi kuti imveke.

Nthawi yomweyi nyuzipepala yosindikiza yaonda. Mapepala ndi inki zimagulidwa kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa nyuzipepala unafika poti ambiri amangowerenga mitu ili pansi pamsewu n'kumapita. Masamba akachepa, oyamba kuchotsedwa ndi aang'ono omwe aja. Ndiye wina atha kunena kuti palibe chatayika, poti zimene tsamba lakumbuyo linkawamana, foni yawapatsa.

Ine sindikuvomereza kwathunthu. Tsamba la timu pa Facebook limawerengedwa ndi anthu a timu yomweyo, ndipo limalembedwa ndi munthu wa timu yomweyo. Silingalembe kuti osewera atha miyezi osalandira kanthu, kuti ndalama za pakhomo sizinaoneke bwino, kapena kuti ochemerera athu ndiwo anayamba kugenda oyimbira. Timu ikagonja limati oyimbira anatibera, ikapambana limati anyamata anali moto. Kulembedwa m'nyuzipepala kunali ndi kulemera kwina chifukwa wolembayo anali mlendo, wopanda mbali, ndipo owerenga anali anthu a ku Mulanje ndi ku Rumphi amene sanakufunefune. Mphunzitsi wa timu yaikulu, kapena wa timu ya dziko, ankatha kukumana ndi dzina lako asakuliyembekezera. Foni imakupatsa zimene unasankha kale kutsatira, ndipo ambirife tinasankha matimu awiri omwe aja.

Palinso nkhani ya kusunga. Nyuzipepala zakale zimasungidwa, ndipo ofufuza amapita ku National Archives ku Zomba kukazitsegula. Zimene zinalembedwa za Bullets ndi Wanderers zaka makumi anayi zapitazo zilipo, ndipo n'chifukwa chake mbiri yawo imakambidwa ndi madeti ndi zigoli. Tsamba la pa Facebook limafa mwakachetechete woliyendetsa akataya foni, akakangana ndi komiti, kapena akasamukira ku tauni. Timu imene inakwera kuchoka mu ligi ya boma mpaka ya chigawo, n'kusewera zaka zisanu, itha kutha osasiya kanthu koti mdzukulu wa wosewera adzaloze. Kale matimu aang'ono ankasowa pa tsiku la mpira. Lero amamveka pa tsikulo, koma patapita zaka zochepa mbiri yawo imasowa chimodzimodzi.

Mpira wa amayi ukutionetsa bwino mtengo wa kusayang'ana pansi. Tabitha ndi Temwa Chawinga ndi ana a ku Rumphi. Tabitha anasewera mu DD Sunshine ku Lilongwe asanapite ku Sweden mu 2014, ndipo anadzakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya ku Italy ali ku Inter. Scorchers, timu ya dziko ya amayi, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023, ndipo Temwa anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current. Lero mayina awo amadzaza tsamba, ndipo n'koyenera. Koma ambirife tinayamba kuwatchera khutu akunja atatiuza kuti ndi akatswiri. Mabwalo a fumbi amene anawatulutsa akadalipo, ndipo Loweruka lililonse pamasewera atsikana ena.

Sindikunena kuti tsamba ligawidwe mofanana ngati nsima ya pamaliro. Bullets ndi Wanderers zikakumana, dziko limaima, ndipo mkonzi amene angabise nkhani imeneyo mkati ndiye kuti sakuwadziwa owerenga ake. Zimene ndimalakalaka n'zochepa. Karonga United ikapambana, nkhaniyo ikhale ya Karonga United, ndipo woyamba kufunsidwa akhale mphunzitsi wake. Dzina la wogoletsa lilembedwe molondola, ndi mphindi imene anagoletsera. Sabata iliyonse pakhale ngodya yokhazikika ya zotsatira ndi mndandanda wa mapointi wa ligi za kummwera, pakati ndi kumpoto, ndi za amayi zomwe, kuti wowerenga adziwe poyang'ana ngakhale kulibe chipolowe kapena ngozi yoti iwatchulitse.

Zimenezi kale zinkalepheretsedwa ndi mtunda, lero sizingalepheretsedwe ndi mtunda. M'maboma onse 28 muli aphunzitsi, atolankhani a wailesi za m'madera ndi achinyamata omaliza sukulu amene amakhala kale pabwalo Loweruka ndi Lamulungu, foni ili m'manja. Wina wa iwo, amene sali m'komiti ya timu iliyonse, akapatsidwa mayunitsi, kandalama kapansi ndi mkonzi womuwongolera kalembedwe, atha kutumiza ndime zitatu ndi chithunzi chimodzi dzuwa lisanalowe.