Katuni Yopanda Mdani

Abale anga kumudziko,

Ndikukulemberani kuchokera kuno ku Japan za nkhani imene ambiri muiyesa yachibwana: makatuni. Kwathu tikamva katuni timaganiza za Tom and Jerry, kuthamangitsana ndi kuphwanyana mitu. Koma kuno katuni imene agogo amaonera limodzi ndi adzukulu ndi My Neighbor Totoro ya Hayao Miyazaki, yomwe Studio Ghibli inatulutsa mu 1988, ndipo mulibe mdani ngakhale mmodzi. Atsikana awiri apachibale, Satsuki ndi Mei, asamukira kumudzi ndi bambo awo kuti ayandikire chipatala chimene mayi awo agonekedwa. Amasesa m'nyumba, amapopa madzi pamjigo, amadikira basi mvula ikugwa. Chodetsa nkhawa chachikulu ndi pamene Mei, wa zaka zinayi, asowa atanyamula chimanga choti akapatse mayi ake.

Ine ndikuti mphamvu ya filimuyi ili m'kudekha kwakeko. Pojambula anthu enieni, mphepo ikagwedeza udzu kamera imangotola. M'katuni yojambula pamanja mulibe chongochitika chokha: mwana akamangoyang'ana mvula, ndiye kuti wina anakhala pansi n'kujambula zimenezo chithunzi ndi chithunzi, atatsimikiza kuti n'zoyenera thukuta lake. Woonera amazindikira zimenezi ngakhale sangathe kuzifotokoza, ndipo nayenso amayamba kumuyang'anitsitsa mwanayo.

Ena anena kuti mulibe chochitika, tulo tokha. Aonenso bwino. Satsuki amaphika, amalongedza kamba wa onse, amalera mng'ono wake ngati ntchembere. Uthenga ukabwera woti mayi sabwera kunyumba monga anayembekezera, amadzilimbitsa kaye, kenako n'kulira pamaso pa gogo woyandikana nawo, poopa kuti mayi ake amwalira. Misozi imeneyo imalasa mtima chifukwa takhala naye nthawi yaitali akudzigwira. Mwana woyamba aliyense amene anasenzapo banja mayi ali m'chipatala amudziwa mtsikanayu. Miyazaki sanazitole m'malere: mayi ake anadwala chifuwa chachikulu cha msana zaka zambiri iye ali mwana.

Ena anena kuti zodekha sizigulitsa. Apa ali ndi mfundo, pakuti itangotuluka Totoro sinapindule kwambiri m'nyumba zoonetsera mafilimu. Inadzatchuka pambuyo pake, itayamba kuonetsedwa pa TV ndiponso zidole zake zitafika m'masitolo, mpaka Totoro, cholengedwa cha m'filimuyi, anasanduka chizindikiro cha kampani yonse ya Studio Ghibli. Ndivomerenso kuti katuni yozizira yopanda munthu woti umuganizire imatopetsadi, ndipo zoterozo ziliko zambiri. Koma ana amene anaonera Totoro mu 1988 ndiwo akuonetsa ana awo lero.

Ndine wanu,
Mbale wanu wa ku Japan