Usiku Umodzi pa Mudzi Umene Ulikufa

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mau amenewa ndinawamvetsa bwino pamene ndinagona usiku umodzi pa Civita di Bagnoregio, kamudzi ka pamwamba pa phiri m'cigawo ca Viterbo, kumpoto kwa Rome m'dziko la Italy.

Galimoto safika pamudzipo. Munthu amayenda pansi, nadzera pa mlatho wotalika mamita pafupifupi 300, umene unamangidwa mu 1965. Ndinakwera ndiri wefuwefu, sutukesi paphewa, kufikira ndinalowa pa cipata ca miyala cochedwa Porta Santa Maria.

Nyumba ya alendo imene ndinafikiramo inali yakalekale, ya zipinda zowerengeka ndi zipupa zocindikala. Amai osunga nyumbayo anandilandira mwaulemu, nandipatsa kiyi wamkulu wacitsulo. Pambuyo pake ananditsitsira ku cipinda ca pansi cosemedwa m'thanthwe, mmene makolo ao anali kusungira vinyo ndi mafuta a azitona.

Mudziwu unayambidwa ndi mtundu wa Etruscan zaka zoposa 2,500 zapitazo, ndipo ndi pamene anabadwira Bonaventure Woyera m'zaka za m'ma 1200. Tsoka lace nlakuti thanthwe limene unamangidwapo lakhala pa dongo. Mvula ikakokolola dongolo, mbali za phiri zimagumuka pamodzi ndi nyumba. Civomezi ca mu 1695 cinathawitsa anthu ambiri, ndipo bishopu yemwe anasamukira ku Bagnoregio, kutsidya kwa cigwa. Nyumba ya Bonaventure nayo inagwera kuphompho. Lero okhala pamudzipo caka conse sakwana 20.

Masana munthu sangadziwe zimenezi. Alendo amadzaza bwalo la chalichi ca San Donato, ndipo kuyambira 2013 amalipira ndalama polowa. Koma dzuwa litapendeka ndinawaona onse alikutsika mlatho. Panatsala amphaka ndi mphepo. Ndinasuzumira pa zenera, ndipo nyumba zoyaka nyali ndinaziwerenga pa zala za dzanja limodzi.

Tulo sitinabwere msanga. Mtima unathawira kumudzi kwathu, kumene amai anga atsala okha m'nyumba imene atate anamanga. Ana tonse tiri m'tauni. Zaka zitatu zapita cilonjezere kuti ndidzapita kukakonza denga, koma ndimafika pa maliro pokha, ndi kubwerera mame asanakamuke. Kwathu kulibe phompho kapena civomezi, komabe nyumba zilikugwa imodziimodzi cifukwa eni ace tinasanduka alendo.

M'mawa amai aja anandipatsa khofi ndi buledi, natsegula mazenera a zipinda zonse, ngakhale zimene simunagone munthu. Ndinazindikira kuti cimene caimika nyumbayo kufikira lero ndi dzanja limene limaitsegula tsiku ndi tsiku.

Ndinabweza kiyi, ndi kutsika mlatho ndilikuwerengera mtengo wa malata.