Kuphunzira kuima: miyezi itatu yanga yoyamba ndi Axio

Okutobala, Loweruka loyamba

Galimoto yafika dzulo madzulo. Ndi Toyota Corolla Axio ya 2010 yochokera ku Japan, ndipo yadzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, monga zambiri zimene zadzaza m'misewu ya Blantyre muno. Ndinasunga ndalama zake zaka zinayi. Laisensi ndili nayo, koma ndinene zoona: chichokereni kusukulu yoyendetsa galimoto sindinayendetsepo ndekha. Amalume, amene anakalambira pa mathiraki, avomera kumakhala pambali panga Loweruka lililonse. Atafika m'mawa uno ndinathamangira kutsegula boneti kuti aone injini. Iwo anagwada n'kuyamba kusisita matayala limodzilimodzi. "Mphwanga," anatero, "injini ikakana umangochedwa. Izi ndi mabuleki zikakana sufika." Sindinawamvetse bwino, komabe ndalemba.

Okutobala, Loweruka lachiwiri

Lero linali tsiku la injini. Dzina lake ndi 1NZ-FE, ya malita 1.5, masilinda anayi, mphamvu yake ndi horsepower pafupifupi 110. M'tauni imakwana bwino lomwe: imanyamuka mofewa pa maloboti ndipo simwa petulo wambiri. Chimene chinandiopsa ndi giya. Pokwera chitunda cha ku Chichiri ndinaponda moto, singano inakwera mpaka pa 4,000, injini n'kumangolira pamodzimodzi osasintha mawu. Ndinaganiza kuti ndaononga china chake. Amalume anandifotokozera kuti giya ya CVT ilibe masitepe ngati imene ndinaphunzirira: muli lamba wachitsulo woyenda pa mapule awiri amene amakula ndi kuchepa, choncho injini imayamba yakwera, liwiro n'kumabwera pambuyo.

Masana tinalowera msewu wa ku Zomba, titanyamula azakhali ndi ana awiri. Apa ndi pamene ndinaidziwa bwino. Ndi anthu asanu, AC ili yoyatsa, galimotoyo imalemera ndipo sichangamuka msanga. Titadutsa pa Njuli tinapeza thiraki ya miyala. Kawiri konse ndinayatsa indiketa kuti ndiipitirire, kawiri konse ndinabwerera, chifukwa mpata umene ndinkauona ngati waukulu unkatha ndisanafike n'komwe pakati pa thirakiyo. Minibasi ya kumbuyo inaliza hutala mpaka ndinachita manyazi. Amalume anangoti, "Musiye adutse. Mwini hutala sadzakulipirira kuchipatala." Ndinakhala kumbuyo kwa thirakiyo mpaka msewu utaongoka.

Okutobala, Lachitatu lomaliza

Ndagula matayala anayi atsopano, ndipo m'thumba mwapepuka. Akale aja ankaoneka abwino, koma amalume anandionetsa manambala anayi amene amakhala m'mbali mwa tayala: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Anga anali okalamba, okhala ndi timing'alu ting'onoting'ono m'mbali. Anandionetsanso timizere tokwera tobisala m'ngalande za tayala. Mapanga akatha n'kufanana ndi timeneti, ndiye kuti kwatsala mamilimita 1.6 okha ndipo tayalalo latha ntchito. Mpweya woyenera walembedwa pa kapepala kamene kamamatidwa pa chimango cha chitseko cha dalaivala, ndipo umayezedwa matayala asanatenthe. Ndalama zimenezi ndinkafuna kusinthira wailesi, poti ya ku Japan imathera pa 90 ndipo siigwira nyumba zambiri zoulutsira mawu za kuno. Wailesi idikire.

Novembala, Loweruka lachiwiri

Mvula yoyamba yatipeza pa msewu wa ku Thyolo, titadutsa Bvumbwe, kumene msewu umakhotakhota m'minda ya tiyi. Manja akunjenjemerabe pamene ndikulemba. Ndinalowa kona ina ndi liwiro limene ndinazolowera pa phula louma. Ndinakhotetsa chiwongolero, koma mphuno ya galimoto inapitirira molunjika ku mzere wapakati, ngati yosamva. Mwamwayi kutsogolo kunalibe kanthu. "Chotsa phazi pa moto, usakhotetsenso, yang'ana kumene ukufuna kupita," anatero amalume ndi mawu otsika. Nditatero matayala anagwiranso.

Tinaima pambali. Anandiuza kuti mvula yoyamba imasungunula fumbi ndi mafuta zimene zaunjikana pa phula chilimwe chonse, msewu n'kuterera ngati therere. Ndiponso m'galimoto iyi matayala akutsogolo ndi amene amakoka, ndi omwewonso amakhota, ndipo injini yawakhalira pamwamba. Ukawapatsa ntchito zonse nthawi imodzi, ina amaisiya. Lamulo ndalimva: liwiro limachepetsedwa msewu ukadali woongoka, m'kona umalowa utamaliza kale za mabuleki, moto umabwezera potuluka. Ndinapempha kuti tibwerere tidutsenso kona yomweyo. Kachiwiri galimoto inakhota mwaulemu, chiwongolero chili chopepuka m'manja.

Novembala, Loweruka lachinayi

Tinapita ku msewu wa zii kunja kwa tauni m'mamawa kukaphunzira kuima modzidzimutsa. Ulendo woyamba, pa 50, ndinaponda buleki mwamphamvu ndipo chopondera chinayamba kugunda pansi pa phazi, kunsi kukumveka kukukuta. Ndinachotsa phazi ndi mantha. Kumeneko ndiye kulakwa. Kugundako ndi ABS, imene imagwira ndi kusiya mabuleki kambirimbiri pa sekondi imodzi kuti matayala asamangike n'kuyamba kukhwekhwereza. Akamazungulirabe umatha kuzemba chimene chili kutsogolo. Ntchito ya phazi ndi kuponda ndi kukhala pomwepo. Ndinabwereza kasanu ndi kamodzi mpaka mantha atachoka.

Kenako amalume anandiyezetsa ndi mapazi kuchokera pamene anafuulira kuti "Ima!" kufika pamene galimoto inaimira. Ndinadabwa kutalika kwake. Pa 50 galimoto imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, ndiye kuti phazi lisanafike n'komwe pa buleki wadutsa kale utali wa basi yaikulu. Pa 100 ndi mamita 28. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna suwirikiza kawiri, umawirikiza kanayi. Ndazindikira lero chifukwa chake pa malo ochitira malonda amaikapo chikwangwani cha 50. Poyamba ndinkachiona ngati cha apolisi. Ndi cha ana ndi amayi a matomato amene ali m'mphepete mwa msewu.

Disembala, Loweruka lachiwiri

Mayeso aakulu: kutsikira ku Chikwawa. Kuchokera ku Blantyre msewu umatsika mamita mazanamazana m'makona otsatizana mpaka ku mlatho wa Kamuzu pa Shire. Ndinayamba kutsetsereka giya ili pa D, phazi lili pa buleki osachoka. Patapita kanthawi ndinamva fungo ngati la mphika wopserera, ndipo buleki inkafuna kuiponda kwambiri kuti igwire. Amalume anandiimitsa pa malo otakasuka. Kumatayala akutsogolo kunkatuluka kutentha kofika kumaso. Axio ili ndi madisiki kutsogolo ndi madilamu kumbuyo, ndipo akutsogolo ndi amene amasenza katundu wambiri. Akatentha mopitirira, mapadi sagwiranso bwino, ndipo mafuta a mabuleki akale, amene amwa chinyezi, amatha kuwira.

Titadikira kuti zizizire, anandionetsa zilembo ziwiri zimene ndinali ndisanazikhudzepo: S ndi B. Pa B injini inalira mokweza, koma ndi yomwe inkaigwira galimoto, buleki ndikungoigusa pang'ono ndisanalowe kona, kenako n'kuisiya ipume. Tinafika pa mlatho popanda fungo. "Amalume, bwanji kusukulu sanatiuze zimenezi?" ndinafunsa. "Anakuphunzitsa kukhoza mayeso," anayankha. "Phiri limaphunzitsa lokha, koma silibwereza kawiri." Lolemba ndikasinthitsa mafuta a mabuleki kwa makaniko.

Disembala, Lamlungu lomaliza

Lero ndayenda ndekha koyamba, kupita ku Lunzu tsiku la msika. Ndinali pa 40, maso ali patali. Mnyamata wa kabaza, atanyamula mayi ndi mwana kumbuyo, anatulukira kuseri kwa minibasi osayang'ana. Phazi linapita lokha, chopondera chinagunda, sindinachisiye. Galimoto inaima patatsala danga loti munthu n'kudutsapo. Mayi uja anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana, kenako anapitirira. Ndikanakhala pa 70, kapena pa matayala akale aja, tsamba ili sindikanalilemba chonchi.

Ndinagula galimotoyi ndikufunsa za mphamvu ya injini ndi kamwedwe ka petulo. Pa zimenezo Axio sinandikhumudwitse: ndi yofatsa, yokwanira banja, ngakhale imafuna kudekha popitirira zinzake ndi podutsa mahampu poti ndi yotsika. Koma mawu a amalume a tsiku loyamba aja ndawamvetsa tsopano. Inu amene mwangolandira makiyi anu oyamba, musanafunse kuti imathamanga bwanji, onani matayala, yezetsani mabuleki, ndipo pezani munthu wodziwa akuphunzitseni kuima.