Tsache la matayala pasukulu yathu

Mwera ukayamba kuomba kuchokera kunyanja, bwalo la sukulu yathu kuno ku Bua limadzaza masamba a mango ndi udzu wouma. Kwa zaka zambiri osesa anali ophunzira, makamaka atsikana ndi obwera mochedwa. Ine ndimaphunzitsa masamu piriyodi yoyamba, ndiye ululu wake ndimaudziwa: theka la mphindi 40 zanga linkathera pa tsache, ana n'kulowa m'kalasi ali mbuu, ena akutsokomola utsi wa zinyalala zomwe atentha.

Chaka chatha mnyamata wina amene anaphunzira pano, yemwe tsopano amasamalira kapinga m'nyumba za ku Johannesburg, anatitumizira chikatoni pa basi. M'katimo munali makina osesera okoka: matayala awiri, burashi yaitali yozungulira, zitsulo, thumba lalikulu ndi kajumbo ka mabawuti. Kumeneko amawakoka ndi kathirakitala kotchetchera udzu. Nanga ife kathirakitala tikakatenga kuti? Ahedi anangoti, "Aphunzitsi, inu ndi a masamu, taonani chochita."

Loweruka ndinabwereka masipanala awiri kwa wokonza njinga n'kuyamba. Ndinalakwa poyambirira pomwe. Bawuti iliyonse ndinkaimanga kolimba ndikangoilowetsa, ndipo pofika pa chitsulo chomaliza mabowo sanayang'anane. Ndinamasula zonse, n'kuzilowetsa molobodoka, kulimbitsa n'kudzachita pomaliza.

Chomwe chinandisangalatsa n'chakuti makinawa alibe injini ndipo samwa petulo. M'kati mwa tayala lililonse muli mano amene amazunguza kagiya kakang'ono, kagiyako n'kuzunguza burashi kangapo tayala likazungulira kamodzi. Burashiyo imaponya masamba m'thumba kumbuyo. Phunziro la magiya lomwe ndinkavutika kulijambula pabolodi, ana a Fomu 2 analimvetsa atagwada pansi akuzunguza tayala ndi dzanja.

Wowotcherera zitsulo wa ku Dwangwa anandipangira kachitsulo kokolekera kunsi kwa njinga yanga yamoto. Chinsinsi ndi kuyenda pang'onopang'ono, ngati munthu wofulumira wapansi, komanso kutchera burashi kuti izingokhudza nsonga za udzu. Ukaitsitsa kwambiri matayala amangokhukhuluzika, burashi n'kumadyeka pachabe. Masamba onyowa ndi mame sanyamulika, choncho ndimasesa madzulo tikaweruka.

Mdani wamkulu ndi mchenga wathu wa kunyanja kuno. Mwezi woyamba ndinapaka girisi wambiri poganiza kuti ndikuchita zabwino, koma girisi akasakanikirana ndi mchenga amasanduka chokhutula mano a magiya. Panopa ndimatsuka ndi palafini n'kupaka pang'ono chabe. Tsiku lina potsuka ndinasinthanitsa kagiya kakumanja ndi kakumanzere, burashi n'kungoti zii pamaso pa ana onse. Anandiseka mpaka belu. Majumbo ndi tizingwe timakulungikanso pachitsulo cha burashi, ndipo thumba lifunika kulowetsa m'nyumba, kuopa dzuwa ndi makoswe.

Anzanga ena mu sitafu akuti tikulera ana aulesi. Sindikugwirizana nawo. Mtsikana amene watunga madzi, wasesa pakhomo pa mayi ake, wayenda makilomita asanu, sakusowa phunziro la tsache; akusowa masamu a MSCE. Komanso ntchito sinathe ayi. Ana ndiwo amakhuthula thumba m'dzenje la manyowa, ndipo masamba omwe tinkatentha aja chaka chino alowa m'dimba la sukulu.

Nkhawa yanga ndi burashi. Yayamba kufupika, ndipo m'mashopu a pa boma la Nkhotakota ndafunsa osaipeza. Sindikufuna makinawa akagone kuseri kwa ofesi ngati zinthu zina zamphatso zomwe tonse taziwonapo zikuchita dzimbiri. Ndagula masache awiri a pulasitiki, ndipo Loweruka lino ine ndi anyamata atatu a Fomu 3 tidula tsitsi lake n'kuyesa kulimangirira pachitsulo chakale chija.