Milomo Patsogolo, Mawu Pambuyo

Mu 1997 amalume atabwera kuchokera ku Johannesburg ndi kamera ya Hi8, anajambula bambo akuthyola tiyi ku Thyolo, dengu kumsana, chiperoni chili fwaa. Bambowo anatisiya mu 2004.

Nditaika tepiyo pa kompyuta, zinandiimitsa mutu: milomo patsogolo, mawu pambuyo.

"Amenewa si abambo ako," anatero amayi, natembenukira kukhoma.

Ndinalimbana nayo masiku atatu. Kani pulogalamu yolumikizira kanema inkathamangitsa zithunzi 30 pa sekondi, chonsecho kamerayo inkajambula 25 basi. Nditakonza, mawu ndi milomo zinakumana. Bambo anayang'ana kamera, nati, "Mwadzuka bwanji?"

Amayi anakonza duku, nasendera pafupi. "Tadzuka, kaya inu abambo?"