Za Mmisiri wa Zithunzi ndi Chiwondo Chache

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za chithunzi chimodzi chimene chatisowetsa tulo. Mdzukulu wathu wophunzira ku tauni ndiye anationetsa pa lamya yache, ndipo ife tinakhala chete nthawi yaitali, pakuti tinaonamo chinthu chimene tinachikwirira kale mumtima.

Mmisiri wache ndiye Michael Armitage, wobadwira ku Nairobi, m'dziko la Kenya, chaka cha 1984. Amai wache ndi Mkikuyu, atate wache ndi Mngelezi, ndipo nchito yojambula anakaiphunzira ku London. Iye ajambula pa nsaru ya makungwa yochokera ku Uganda, imene eni ache aitcha lubugo, namakulungamo akufa awo. Ndiyo yonga chiwondo chija makolo athu anali kubvala. Nsaruyo iri ndi zibowo ndi misoko, koma iye sazibisa ai.

Chithunzi tikunenachi anachijambula m'chaka cha 2016, nachitcha Necklacing. Muli mwamuna wamaliseche, tayala la galimoto liri m'khosi mwache. Mmisiriyo anaona zotere ndi maso ali mwana, munthu akuthawa ndi khamu pambuyo pache, ndipo pa ubwana wachewo sanadziwe kuti tayala lija nlamoto. Chithunzicho chinalowa m'nyumba yaikuru ya Metropolitan Museum ku New York.

Nchito zache zinaonetsedwa ku Venice mu 2019, ndi ku Royal Academy ya ku London mu 2021, ndipo anthu odziwa kuweruza zithunzi anamtama ndithu. Ambiri afanizira utoto wache ndi wa Paul Gauguin, Mfalansa uja anapita ku Tahiti mu 1891 najambula chisumbucho ngati dziko lopanda misozi. Ena atchula Goya wa ku Spain, amene anajambula nkhanza za pankhondo. Chimene aonamo ndi ichi: utoto wokoma uitana munthu kuti asendere pafupi, ndipo atasendera apeza choopsa.

Tsono ife pakhonde pathu tinatsutsana. Wina anati, kodi nkoyenera kubveka nkhanza chobvala chokongola? Kodi wogula chithunzi chotere sangakondwere ndi utoto, naiwala munthu wa tayala uja? Funso limeneli silochepa, ndipo sitinalitaya msanga.

Koma polingalira tinaona kuti mtima wathu womwe uchita chimodzimodzi. Tikakhala pamoto ndi ana timati kale kunali kokoma, tisimba za magule a pamwezi ndi nkhokwe zodzala. Sitisimba za tsiku lina la msika, pamene mfuu inamveka yakuti, Wakuba! Mnyamata anagwidwa, tayala linabwera, mafuta anapezeka. Ife tinaima pomwepo ndi madengu athu, ana athu ali pambali kupenyerera. Palibe anafunsa dzina lache, kapena ngati anabadi. Madzulo tinadya nsima, osanenapo kanthu kufikira lero.

Chifukwa chache tikuti mmisiriyu wachita bwino. Chithunzi chikadakhala chonyansa chabe, tikadatembenuza nkhope monga tinachitira tsiku lija. Popeza nchokongola, tinachiyang'anitsitsa, ndipo poyang'anitsitsa tinamkumbuka mnyamata uja, kuti nayenso anali ndi amache omdikira kumudzi.

Inu atate ndi amai, mukamva mfuu yotere musatole mwala, ndipo musalole ana anu kuthamangirako. Wogwidwayo mumtengere kwa mfumu kapena kwa apolisi, mlandu wache umveke poyera. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo posimbira ana za kale, musimbe zokoma pamodzi ndi zowawa zomwe, kuti iwo angadzaime chete monga tinaimira ife.

Tsalani bwino m'mabanja mwanu.